Sizasi Zimene Zimadula Kanema Asanafike Kwanu

Inu abambo ndi amayi a m'midzi, ambiri a inu amene muli ndi imvi mukukumbukira masiku aja pamene galimoto ya kanema inkafika pabwalo la amfumu dzuwa litapendeka. Anyamata a Boma ankapachika nsalu yoyera, injini nkuyamba kulira, ndipo mudzi wonse unkakhala pansi kuona zithunzi zoyenda zophunzitsa kulima mizere yopingasa ndi kusamala ziweto. Zambiri za zithunzi zimenezo zinkapangidwa ndi bungwe la Central African Film Unit, limene linayamba ntchito mu 1948. Masiku amenewo kanema anali mlendo wobwera mwa apo ndi apo. Lero wasanduka mwini mudzi. Ali m'kanyumba ka vidiyo pamsika, ali pagolosale imene ili ndi sola, alinso m'foni ya mnyamata woweta ng'ombe kudambo.

Popeza mlendoyu wakhazikika pakhomo panu, nkoyenera kuti mumdziwe bwino. Chinthu chimodzi chimene ambiri sadziwa ndi ichi: filimu imene mwana wanu aonera siikhala yofanana nthawi zonse ndi imene anaonera mwana wa ku London kapena wa ku Mumbai, ngakhale dzina lake ndi limodzi. M'maiko ambiri muli anthu amene ntchito yawo ndi kuonera filimu anthu ena onse asanaione, kuiweruza, ndi kunena malo oyenera kudulidwa. Sabata ino tifuna kukufotokozerani za anthu amenewa, chifukwa chake amadula, ndiponso mbali imene yatsalira inu makolo.

MAGIREDI A KANEMA

Mlimi wa fodya adziwa kuti masamba sapita ku okushoni osasankha. Amakhala pansi m'chigafa nkupatula masamba abwino paokha, ong'ambika paokha, ndipo mtengo umatsata giredi. Mafilimu nawonso amaikidwa m'magiredi. Koma giredi ya filimu sinena kuti filimuyo ndi yokoma kapena yosakoma ayi. Imanena msinkhu wa munthu woyenera kuionera.

Ku Britain ntchito imeneyi inayamba mu 1912. Pa nthawiyo khonsolo ya mzinda uliwonse inkaika malamulo akeake pa nyumba zoonetseramo kanema, kotero kuti filimu yololedwa mu mzinda uwu inkaletsedwa mu mzinda winawo. Eni mafilimu ataona kuti malonda awo akusokonezeka, anakhazikitsa okha bungwe lotchedwa British Board of Film Censors kuti chiweruzo chikhale chimodzi. Poyamba magiredi anali awiri okha: U, ya munthu aliyense, ndi A, yoyenera makamaka akuluakulu. Malamulo osagwedezeka analinso awiri: munthu asaoneke wamaliseche, ndipo wina asasewere ngati Yesu Khristu. Mu 1951 anaonjezapo giredi ya X, yoletsa ana osafika zaka 16. Magiredi anapitirira kusinthasintha, ndipo amene agwira ntchito m'nyumba za kanema kumeneko lero ndi U, PG, 12A, 15 ndi 18.

Ku America anayenda njira ina. Kuyambira mu 1934 makampani a ku Hollywood ankatsata mwamphamvu buku la malamulo lodziwika ndi dzina la Will Hays, amene anali mkulu wa bungwe lawo. Malamulowo ankaletsa kunyoza abusa, kupsompsonana kopitirira muyeso, ndi kuonetsa mbava mwa njira yoti anthu aikonde. Filimu iliyonse inkayenera kukhala yoti banja lonse lingaonere. Mu 1968 malamulowo anatayidwa ndipo m'malo mwake munalowa magiredi a zaka. Oweruza ake si anthu a Boma, koma makolo wamba olembedwa ntchito ndi bungwe la eni mafilimu.

Nthawi zina giredi yatsopano imabadwa chifukwa cha madandaulo a makolo. Mu 1984 kunatuluka filimu ya Indiana Jones and the Temple of Doom, imene inali ndi giredi ya PG, ndipo makolo ambiri anapita nayo ana aang'ono. M'kati mwake anaonamo munthu akuzulidwa mtima ali moyo. Makolo anakwiya, ndipo chaka chomwecho ku America kunakhazikitsidwa giredi ya PG-13, yochenjeza kuti zina za m'filimuyo siziyenera ana osafika zaka 13. Ku Britain malo a mtimawo anangowadula kuti filimuyo ilandire PG.

KADULIDWE KAKE

Kale filimu inali lamba wautali wokulungidwa pa gudumu, ndipo pa lambayo panali tizithunzi ting'onoting'ono totsatizana. Makina amathamangitsa tizithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo diso la munthu limaona ngati zikuyenda. Wodula ankatenga sizasi zenizeni, nkuchotsa chigawo chosafunikacho, nkumata mbali ziwiri zotsalazo. Nchifukwa chake nthawi zina oonera ankadabwa kuona munthu wakweza mkono kuti amenye mnzake, mwadzidzidzi mnzakeyo ali kale pansi.

Lero ntchito imeneyi achita ndi kompyuta, ndipo chipsera chake sichioneka. Akhoza kufafaniza magazi pa malaya, kudetsa chithunzi kuti bala lisaoneke bwino, kuchepetsa phokoso la fupa lothyoka, kapena kuzimitsa liwu limodzi lotukwana pakamwa pa munthu. Mu 2023, pamene filimu ya Oppenheimer inaonetsedwa ku India, mkazi amene kwina konse anaoneka wosavala anaoneka atavala diresi lakuda lojambulidwa ndi kompyuta. Woonera sangadziwe kuti pakhudzidwa pokhapokha ataona mitundu yonse iwiri.

AMADULA NDANI, NANGA CHIFUKWA NINJI?

Mwina muganiza kuti nthawi zonse ndi Boma limene limakakamiza kudula. Si choncho ayi. Kawirikawiri eni filimu ndiwo amasankha kudula, ndipo chifukwa chake ndi ndalama. Mayi wolima thonje amachotsa thonje lothimbirira m'mtolo mwake asanapite kumsika, pofuna kuti lonse lilandiridwe pa giredi yoyamba. Mwini filimu achita chimodzimodzi. Iye adziwa kuti achinyamata ndiwo amadzaza nyumba za kanema. Ku Britain filimu ikapatsidwa 15, mwana wa zaka 14 salowa ngakhale atabwera ndi bambo wake. Ikapatsidwa 12A, wa zaka 12 amalowa yekha, ndipo wocheperapo amalowa ngati ali ndi munthu wamkulu. Pakati pa magiredi awiri amenewa pali ndalama zochuluka zedi.

Taonani zimene zinachitika mu 2012 ndi filimu ya The Hunger Games. Nkhani yake ndi ya ana amene olamulira ankhanza amawatsekera m'bwalo kuti aphane mpaka patsale mmodzi. Eni ake atamva kuti ku Britain ilandira 15, anadula masekondi 7 ndi kufafaniza magazi pa zida ndi pa mabala. Masekondi 7 ndi tizithunzi 168 tokha m'filimu ya maola oposa awiri. Zitatero inalandira 12A. Pambuyo pake, pogulitsa yoonera kunyumba, anatulutsanso ina yosadula imene inali ndi giredi ya 15.

Chaka chomwecho filimu ya mizukwa yotchedwa The Woman in Black inadulidwa masekondi 6, malo ena nkudetsedwa, phokoso nkuchepetsedwa, kuti nayonso ilandire 12A. Wosewera wamkulu anali Daniel Radcliffe, amene ana ankamkonda chifukwa cha mafilimu a Harry Potter, ndipo anathamangira kukamuona. Ngakhale inadulidwa, inali filimu imene anthu anaidandaula koposa zonse ku bungwe loweruza chaka chimenecho, pakuti ana ambiri anachita mantha.

Apa pali phunziro loyamba. Sizasi zikhoza kuchotsa magazi, koma sizichotsa nkhani. Ana a mu The Hunger Games anaphanabe, ndipo mzukwa unaopsabe.

DZIKO LILILONSE NDI MWAMBO WAKE

Inu mudziwa kuti chimene chili chamwano kwa Angoni mwina sichikhala chamwano kwa Atonga. Maiko nawonso sagwirizana pa chimene chimaononga mwana.

Mu 2010 kunatuluka filimu ya The King's Speech, yonena za Mfumu George VI, bambo wake wa Mfumukazi Elizabeth II. Mfumuyi inali ndi chibwibwi, ndipo m'filimuyo mphunzitsi wake Lionel Logue akuilimbikitsa kutukwana mokweza kuti lilime limasuke. Mulibe kuphana, mulibe zamaliseche. Ku Britain oweruza anayamba aipatsa 15, koma eni ake atadandaula anaitsitsira ku 12A, poona kuti mawuwo sanali otukwana munthu koma anali ngati mankhwala. Ku America amawerenga kuti liwu lotukwana lanenedwa kangati, ndipo anaipatsa R, kutanthauza kuti wosafika zaka 17 salowa popanda kholo kapena womuyang'anira. Mu 2011 eni ake anatulutsa ina imene mawu ena anazimitsidwa, ndipo imeneyo inalandira PG-13.

Filimu ya James Bond yotchedwa Casino Royale, ya mu 2006, inadulidwa mbali zonse ziwiri za nyanja, koma malo osiyana. Ku Britain anafupikitsa malo amene Bond wamangidwa pampando ndi kuzunzidwa ndi chingwe. Ku America anafupikitsa ndewu zake. Chotero anthu a maiko awiri olankhula chinenero chimodzi anaonera mafilimu awiri a dzina limodzi.

Ku India oweruza amayang'anitsitsa za chikondi. Mu 2015 analamula kuti kupsompsonana kwa Bond mu filimu ya Spectre kufupikitsidwe. Kumeneko kulinso lamulo lakuti munthu akamasuta fodya m'filimu, pansi pa chithunzi palembedwe chenjezo la kuopsa kwa fodya. Mu 2013 Woody Allen anakana kuti filimu yake ya Blue Jasmine ionetsedwe ku India chifukwa sanafune malemba amenewo pa zithunzi zake.

Anyamata anu amene amakonda Bruce Lee adziwa timitengo tiwiri tolumikizidwa ndi tcheni timene iye amazunguza mu Enter the Dragon. Kwa zaka zambiri, mpaka mu 1999, oweruza a ku Britain ankadula chida chimenechi paliponse pamene chaoneka, poopa kuti anyamata angasule chawo nkumapwetekana m'misewu. Lamuloli linafika poseketsa mu 1991, pamene anadula malo ena m'filimu ya ana ya akamba omenya nkhondo, Teenage Mutant Ninja Turtles II, chifukwa kamba wina ankazunguza masoseji olumikizana monga azunguzira chidacho.

Inu oweta mudzakondwa kumva kuti ku Britain kuli lamulo la mu 1937 loletsa kuonetsa malo amene nyama inazunzidwa zenizeni pojambula filimu. Kale opanga mafilimu a akawoboyi ankamanga waya ku miyendo ya kavalo kuti agwe chamutu akuthamanga, ndipo akavalo ena ankafa. Malo otere amadulidwa ngakhale filimuyo ikhale ya akuluakulu okhaokha.

PAMENE SIZASI ZIBISA ZOONA

Kudula kwina sikuteteza mwana, koma kumabisira munthu wamkulu zimene olamulira kapena amalonda safuna kuti aone. Ku China kulibe magiredi a zaka. Filimu ikaloledwa ndiye kuti yaloledwa kwa onse, chotero ya kunja imadulidwa mpaka akuluakulu a Boma akhutire. Mu 2013 anachotsa mu Skyfall malo amene mlonda wa ku China akuomberedwa mu mzinda wa Shanghai. Mu 2022 filimu ya Fight Club itaikidwa pa Tencent Video, mapeto ake, pamene nyumba zazitali zikugwa ndi mabomba, anachotsedwa. M'malo mwake munalembedwa mawu akuti apolisi anagwira zigawenga zonse. Anthu atadandaula kwambiri, mapeto aja anabwezeredwa.

Ku West Germany, mu 1952, filimu yotchuka ya Casablanca inaonetsedwa itachotsedwa mphindi zoposa 20. Asilikali onse a chipani cha Hitler anachotsedwamo, ndipo munthu amene ankalimbana nawo anasandutsidwa katswiri wa sayansi. Nkhondo inali itangotha zaka 7, ndipo ogulitsa filimuyo sanafune kukumbutsa ogula awo zimene dziko lawo linachita.

Agogo anu amene anakagwira ntchito ku migodi ya kopa ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, anakumana nazo sizasi zoterezi. M'makomponi a ku Nkana, Mufulira ndi Luanshya ankaonetsa mafilimu a akawoboyi, ndipo anthu ankatcha ngwazi ya m'filimu iliyonse Jack. Koma mafilimu oonetsa Aafrika ankayesedwa paokha, ndi muyeso wosiyana ndi wa Azungu. Ankachotsamo akazi ovala mosakwanira ndi zonse zimene zikanatsitsa ulemu wa Mzungu, mpaka nthawi zina nkhani inkasowa mutu ndi mchira. Ku South Africa, m'nthawi ya tsankho, filimu ina inkaloledwa kwa mnyamata wachizungu koma nkuletsedwa kwa bambo wachikuda wa ana ake asanu.

Ili ndi phunziro lachiwiri. Giredi ya zaka munthu amaipitirira, pakuti mwana wa zaka 12 adzafika 18. Koma muyeso wa khungu munthu saukula. Mukamva kuti filimu yadulidwa, dzifunseni kuti: kodi ateteza mwana, kapena ayesa munthu wamkulu mwana?

KUFUPI NDI KWATHU

Ku Malawi, Nyumba ya Malamulo inapanga mu 1968 lamulo lotchedwa Censorship and Control of Entertainments Act, limene linakhazikitsa bungwe loyang'ana mafilimu, mabuku, nyimbo ndi zisudzo. M'zaka za ulamuliro wa chipani chimodzi bungwelo linaletsa mabuku ambiri ndi kudula mafilimu ambiri.

Ku South Africa, tsankho litatha, lamulo la mu 1996 linakhazikitsa Film and Publication Board, imene imaika magiredi a zaka monga 13, 16 ndi 18. Ambiri a inu muli ndi abale ku Johannesburg amene amatumiza mafilimu, ndipo mudzaona kuti pambali pa nambala pamakhala zilembo. V atanthauza chiwawa, L mawu otukwana, S zogonana, ndipo N maliseche.

Ngakhale kumeneko mikangano siinathe. Filimu ya Inxeba, yonena za chinamwali cha anyamata a mtundu wa Xhosa ndi chikondi cha pakati pa amuna, inapatsidwa 16. Mafumu anadandaula kuti yaulula za kutchire, ndipo mu February 2018 inakwezedwa kufika pa X18, giredi imene siiloledwa m'nyumba za kanema wamba. Eni ake anapita ku khoti lalikulu, ndipo chaka chomwecho khoti linathetsa chiweruzo cha X18. Inu amene mudziwa kuti za kudambwe kapena za kusimba sizinenedwa pabwalo mungamvetse chimene chinawawa mafumuwo. Koma mungaonenso kuti giredi yopangidwira kuteteza ana inagwiritsidwa ntchito potseka maso a akuluakulu.

MBALI YA INU MAKOLO

Zonse tafotokozazi zimagwira ntchito pamene pali khomo ndi munthu woima pakhomopo. Koma filimu yolowa m'mudzi pa kamemori ka foni siidutsa pakhomo lililonse. Nthawi zambiri imakhala ija yosadula, ndipo ikakopedwa kambirimbiri kapena kumasuliridwa m'Chichewa, chizindikiro cha zaka chimatha kutayika m'njira. Sizasi za ku London sizifika m'kanyumba ka vidiyo ka pamsika panu. Tsono chitani izi.

Choyamba, phunzirani zizindikiro. U, G kapena A wa ku South Africa ndi ya aliyense. PG ikuti kholo liyambe laona kapena likhale pomwepo. Nambala monga 12, 13, 15, 16 kapena 18 ndi zaka zimene mwana ayenera kufika. R ndi NC-17 ndi za ku America, ndipo si za ana. Samalani ndi chilembo cha A, pakuti pa filimu ya ku India chitanthauza akuluakulu okhaokha.

Chachiwiri, musadalire chizindikiro chokha. Mwaona kuti masekondi 7 akhoza kutsitsa filimu kuchoka pa 15 kufika pa 12, nkhani ili yomweyo. Mwaonanso kuti oweruza a dziko lina amaopa liwu lotukwana koposa mfuti. Iwo sadziwa mwana wanu. Inu ndinu mudziwa amene amalota zoopsa usiku ndi amene amatsanzira chilichonse chimene waona.

Chachitatu, kambiranani ndi eni tinyumba ta vidiyo. Iwonso ndi makolo, ndipo afuna malonda awo akhale pa mtendere ndi mudzi. Amfumu pamodzi ndi komiti ya sukulu akhoza kupangana nawo kuti pa nthawi ya sukulu ana asaloledwe kulowa, kuti masana azionetsa zoyenera onse, ndipo za akuluakulu zidikire ana atapita kwawo.

Chachinayi, khalani pansi muonere limodzi ndi ana anu nthawi zina. Auzeni kuti magazi aja ndi utoto, kuti amene wafa m'filimu anadzuka nkukalandira malipiro ake, ndi kuti wolumpha padenga anali ndi zingwe ndi matiresi zimene sizioneka. Mwana wodziwa zimenezi salumpha pamwamba pa nkhokwe poyesa Bruce Lee.

Kanema si mdani. Amaphunzitsa, amaseketsa, ndipo amaonetsa mwana wa m'mudzi maiko amene agogo ake sanawaone. Koma monga simupatsa khanda chimanga chokazinga mano asanamere, musamsiyire mwana filimu imene msinkhu wake sunafike. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukaona kamwana ka mnansi wanu kakusuzumira pa mpata wa kanyumba ka vidiyo usiku, kagwireni dzanja mukaperekeze kwawo.